Kulumikiza cable modem: zimene timagetsi tinayi timakuuzani

Ambiri a ife kuno ku Malawi intaneti timaidziwira pa foni. Wagula bandulo ya TNM kapena Airtel, basi walowa. Koma m'mizinda yambiri ya ku America, Canada, Britain ndi Germany, intaneti ya pakhomo imabwera kudzera mu waya amene kale ankangobweretsa TV. Kumapeto kwa wayayo kumakhala kabokosi kotchedwa cable modem, ndipo makampani monga Comcast ku America ndi Virgin Media ku Britain amatumikira nyumba zambirimbiri mwa njira imeneyi.

Lero ndikufuna ndikuonetseni mmene kabokosi kameneka amakalumikizira. Ntchito yake ndi yochepa, mawaya atatu okha. Koma chifukwa chimene ndasankhira mutuwu ndi ichi: phunziro la mafunde limene mumaliona mu Physics, lija la frequency ndi amplitude, ndi limene likugwira ntchito m'kabokosimo. Amene walimvetsa akhoza kuyang'ana timagetsi ta modemu n'kudziwa pamene pavuta. Amene sanalimvetse amangozimitsa n'kuyatsanso, kwinaku akudandaula.

Waya wake mumamudziwa kale

Munayamba mwaonapo waya wochokera pa dishi ya DStv kupita ku dikoda? Ameneyo ndiye coaxial cable, mwachidule coax, ndipo ndi mtundu womwewo umene cable modem imagwiritsa ntchito. Mukamudula mupeza zigawo zinayi. Pakati penipeni pali kawaya kolimba ka mkuwa. Kawayaka kakutidwa ndi pulasitiki yoyera. Pamwamba pa pulasitikiyo pali chofunda cha chitsulo, china ngati pepala lonyezimira, china cholukidwa ngati mkeka. Kunja kwake ndiye kuli khungu lakuda kapena loyera.

Chofunda chachitsulocho ndi mpanda. Chimaletsa mafunde a m'kati kuthawira kunja, komanso chimaletsa mafunde a kunja, monga a wailesi ndi a mafoni, kulowa m'kati. Musaiwale mpanda umenewu, tiubwereranso. Munthu amene analembetsa nzeru ya waya wotereyu ndi Oliver Heaviside wa ku England, m'chaka cha 1880.

Cha m'ma 1948, anthu okhala kuseri kwa mapiri ku America, m'madera monga Pennsylvania ndi Oregon, sankagwira bwino TV. Ndiye anaimika mlongoti pamwamba pa phiri n'kukoka waya kutsikira m'nyumba. Umu ndi mmene cable TV inayambira. Intaneti itafika, mawayawo anali kale m'misewu ndi m'makoma a nyumba. Akatswiri anangofunika kupeza njira yodutsitsamo intaneti popanda kusokoneza TV. Malamulo a njirayo amatchedwa DOCSIS, ndipo bungwe la CableLabs linatulutsa oyamba mu 1997.

Nanga modemu imatani?

Kompyuta imalankhula ndi manambala awiri okha, 0 ndi 1, amene timawatcha ma bit. Waya wa coax amanyamula mafunde a wailesi. Modemu ndi womasulira pakati pa awiriwa. Ikamatumiza, imasintha maonekedwe a funde kuti linyamule ma bit, ndipo ntchito imeneyi ndi modulation. Ikamalandira, imawerenga fundelo n'kutulutsamo ma bit, imeneyo ndi demodulation. Tengani chiyambi cha mawu awiriwa, mo ndi dem, mupeza dzina lakuti modem.

Mwina mukufunsa kuti TV ndi intaneti zimadutsa bwanji mu waya mmodzi osasakanikirana. Ganizirani wailesi ya FM. MBC ndi Zodiak zimaulutsa mu mpweya womwewo nthawi imodzi, koma iliyonse ili ndi frequency yake pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Mu coax ndi chimodzimodzi. Malo onse amagawidwa m'timisewu totchedwa matchanelo. Ku America tchanelo chimodzi n'chotakata 6 MHz, ku Ulaya 8 MHz. Kumbukirani kuti 1 MHz ndi kugwedezeka ka 1,000,000 pa sekondi imodzi.

Zimene mukutumiza kuchokera kunyumba zimayenda m'munsi, kuyambira 5 mpaka 42 MHz pa netiweki zambiri za ku America, kapena mpaka 65 MHz ku Ulaya. Zimene mukulandira zimayenda pamwamba pake, mpaka cha pa 1,000 MHz. Taonani kusiyana kwake: njira yolandirira ndi msewu waukulu, yotumizira ndi kanjira ka njinga. N'chifukwa chake pa intaneti ya mtundu uwu kukopera filimu kumathamanga, koma kutumiza vidiyo yanu kumachedwa.

Tsopano masamu pang'ono. Pa tchanelo chimodzi modemu imagwiritsa ntchito njira yotchedwa 256-QAM. Imasintha zinthu ziwiri pa funde: amplitude, kumene ndi kutalika kwake, ndi phase, pamene fundelo layambira pa kuzungulira kwake. Mukaphatikiza ziwirizi mumapeza maonekedwe 256 osiyana. Popeza 2 kumuchulukitsa yekha kasanu ndi katatu kumapereka 256, maonekedwe aliwonse amanyamula ma bit 8. Pa tchanelo cha 6 MHz, funde limasintha maonekedwe pafupifupi ka 5,360,000 pa sekondi. Chulukitsani ndi 8, mupeza ma bit pafupifupi 43 miliyoni pa sekondi. Ena mwa iwo ndi okonzera zolakwika, ndiye otsala ndi pafupifupi 38 Mbps. Mu 2006 kunabwera DOCSIS 3.0, imene imalola modemu kumanga matchanelo angapo pamodzi. Matchanelo 32 kuchulukitsa ndi 38, mwadutsa kale 1,000 Mbps.

Kulumikiza kwake

Choyamba, musanagule kapena kutsegula katoni, funsani kampani ya intaneti ngati modemuyo imailola pa netiweki yake. Makampani ena amapereka yawoyawo, ena ali ndi mndandanda wa zimene amavomereza.

Chachiwiri, pezani soketi ya coax pakhoma. Yang'anani kumapeto kwa waya: kawaya ka mkuwa kaja kakhale kowongoka, kosapindika. Lowetsani mbali imodzi pakhoma, ina kumbuyo kwa modemu, ndipo pokerani kamutu kachitsulo mpaka kalimbe. Zala zanu n'zokwanira, pulayazi ikhoza kuthyola soketi.

Chachitatu, tengani waya wa Ethernet, uja wa kamutu ka pulasitiki kamene kamalira kuti "thi" kakalowa. Mbali imodzi ku modemu, ina ku rauta, pa bowo lolembedwa WAN kapena Internet. Apa ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Modemu imalankhula ndi kampani. Rauta imagawa intanetiyo kwa mafoni ndi makompyuta a m'nyumba, ndipo ndi imene imapanga Wi-Fi. Nthawi zina ziwirizi zimakhala m'bokosi limodzi, koma ntchito zake n'zosiyanabe.

Chachinayi, lowetsani pulagi ya magetsi. Ine ndimalangiza kuti magetsi akhale omaliza, kuti modemu ikadzuka ipeze waya wa coax ali kale pamalo. Kenako dikirani. Ulendo woyamba zikhoza kutenga mphindi zingapo. Musaizimitse chifukwa cha phuma.

Chachisanu, kampani iyenera kuidziwa modemu yanu. Pansi kapena kumbuyo kwake pali kapepala kolembedwa MAC address, zilembo ndi manambala 12. Imeneyi ili ngati nambala ya galimoto. Mumaipereka kwa kampani pa foni kapena pa app yawo, iwo n'kuitsegulira.

Chomaliza, sinthani pasiwedi. Pali ziwiri: ya Wi-Fi, ndi yolowera m'kati mwa rauta momwe mumasinthira zinthu. Yachiwiriyi ndi imene anthu amaiiwala, koma amene waidziwa akhoza kulamulira netiweki yonse ya m'nyumba. Pa chitetezo sankhani WPA2 kapena WPA3.

Timagetsi tikunena chiyani?

Pa modemu zambiri pali timagetsi tinayi tofunika, ndipo timayaka motsatana. Maina ndi mitundu zimasiyana malinga ndi wopanga, koma ndondomeko yake ndi imodzi.

Koyamba ndi Power. Kakayaka ndiye kuti magetsi afika, basi.

Kachiwiri ndi Downstream, kapena DS. Kakamaphethira, modemu ikufufuza tchanelo, ngati mmene mumapotokolera wailesi kusaka siteshoni. Ikusaka mawu a makina aakulu a kampani otchedwa CMTS. Ikawapeza, kagetsiko kamasiya kuphethira.

Kachitatu ndi Upstream, kapena US. Apa modemu ikuyesa kuyankha. Nyumba za m'dera limodzi zimagawana waya mmodzi, ina ili pafupi, ina kutali. CMTS imachita ngati mphunzitsi m'kalasi yodzaza: "Iwe wakumbuyo, kweza mawu. Iwe wakutsogolo, tsitsa pang'ono. Ndipo aliyense alankhule nthawi yake ikakwana." Modemu imasintha mphamvu ndi nthawi yotumizira mpaka CMTS ikhutire. Ntchito imeneyi imatchedwa ranging.

Kachinayi ndi Online. Modemu imapempha IP address, imene ndi keyala yake pa netiweki, kenako imalandira fayilo yaing'ono yoiuza liwiro limene mwalipira. Zikatheka, kagetsi kameneka kamayaka osaphethira.

Mwaona phindu lake? Ngati DS ikungophethira, vuto lili pa waya kapena soketiyo sinalumikizidwe ku msewu. Ngati DS ili bwino koma US ikuphethira, modemu ikumva koma mawu ake sakufika. Ngati zonse ziwiri zili bwino koma Online ikukana, kawirikawiri ndiye kuti kampani sinalembetse MAC address. Ngati tonse tinayi tayaka koma foni ilibe intaneti, isiyeni modemu, kayang'aneni rauta.

Kamutu kosalimba kamavutitsa mudzi wonse

Tibwerere ku mpanda uja. Kamutu ka coax kakakhala kogwedera, kapena waya akang'ambika, mpanda wachitsulo umakhala ndi mpata. Mafunde a kunja amalowa: a wailesi, a mafoni, ngakhale phokoso la magetsi lochokera ku mamota ndi matchaja osalongosoka. Kumbukirani kuti modemu ikusiyanitsa maonekedwe 256 ofanana kwambiri. Phokoso pang'ono lokha, yawerenga molakwika, ndipo uthengawo uyenera kukonzedwa kapena kutumizidwanso. Kwa inu zimaoneka ngati intaneti yafooka.

Koma sizithera m'nyumba mwanu. Pa njira yotumizira, zonse zochokera m'nyumba za m'deralo zimakakumana pamalo amodzi, ngati timitsinje tothira mu mtsinje umodzi. Phokoso lolowera pa kamutu kanu limayenda nawo mpaka ku CMTS, ndipo likhoza kusokoneza anansi onse amene mukugawana nawo waya. Mwana wa nyumba yachitatu akulephera kutumiza ntchito ya kusukulu chifukwa cha kamutu kamene wina sanakapokere bwino. Mafunde amathanso kutulukira pa mpata womwewo. Ena a iwo ali pa frequency zimene ndege zimagwiritsa ntchito, pakati pa 108 ndi 137 MHz, n'chifukwa chake ku America bungwe la boma la FCC limalamula makampani kuti aziyeza kudontha kumeneku.

Chinanso chofooketsa ndi splitter, kachitsulo kogawa waya mmodzi kukhala awiri. Kogawa pawiri kamachotsa pafupifupi 3.5 dB, kutanthauza kuti nthambi iliyonse imalandira mphamvu yochepera pang'ono theka. Mukaika tiwiri motsatana mwatsala ndi yosakwana kota. Ngati n'kotheka, modemu ilandire waya wake asanagawidwegawidwe. Pa modemu zambiri mukhoza kuona nokha mphamvuyi: lembani 192.168.100.1 pa browser, mupeza tsamba loonetsa matchanelo onse. Mphamvu yolandirira imakhala bwino ikakhala pafupi ndi 0 dBmV.

Nanga achimwene akatitumizira modemu kuchokera kunja?

Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake ndi lakuti siingakupatseni intaneti. Cable modem payokha siipanga intaneti. Imafuna waya wa coax wofika kwa kampani imene ili ndi CMTS. Mukailumikiza ku waya wa dishi, kagetsi ka DS kadzangophethira mpaka kalekale, chifukwa dishi imalandira mafunde a setilaiti pa frequency zina ndi chinenero china, komanso siitha kutumiza yankho. Kuno intaneti imatifikira kwambiri kudzera pa nsanja za mafoni, pa fibre, ndi pa setilaiti monga Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023.

Komabe modemu muli nayo kale, ili m'foni mwanu. Nayonso imasaka nsanja, imalembetsa, imalandira IP address, ndipo pa 4G imagwiritsanso ntchito QAM. Kusiyana kwake n'kwakuti mafunde ake amayenda mu mpweya, opanda mpanda wachitsulo wowateteza. Ichi n'chifukwa china chimene netiweki imasinthira mukangolowa m'nyumba ya makoma okhuthala.

Ndikusiyireni ntchito iyi, muichite musanagone. Makampani amatchula liwiro mu ma megabit, Mbps, pomwe mafayilo timawayeza mu ma megabyte, MB, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Ndiye intaneti ya 100 Mbps imakopera 12.5 MB pa sekondi, ndipo fayilo ya 1,000 MB imatenga masekondi 80. Tsopano yesani inu: modemu yamanga matchanelo 4, chilichonse cha 38 Mbps. Fayilo yomweyo itenga masekondi angati? Mukapeza yankho, kafunseni anzanu a m'kalasi ngati apeza lofanana.