Mwana Akati Wadziwa Kujambula Pulani pa Kompyuta, Tidziwa Bwanji?

Ku Mua luso la munthu silibisika. Chiyambire 1976, pamene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a chikhalidwe ndi zosemasema a KuNgoni, wosema amadziwika ndi chimene chatuluka m'chipika. Sompho ikadya malo olakwika, aliyense amaona. Chakummwera pang'ono, ku Golomoti, kuli munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Ntchito ngati imeneyi imayamba yajambulidwa pa kompyuta, chitsulo chisanadulidwe n'chimodzi chomwe. Ana athu a ku Mtakataka, Mua ndi Golomoti akukulira pakati pa maluso awiriwa.

Kujambula pulani pa kompyuta kumadziwika ndi dzina lakuti CAD. Pulogalamu yotchuka ya AutoCAD inatuluka mu 1982, ndipo lero iliponso yaulere, ya FreeCAD, imene imagwira ntchito popanda intaneti ikangolowa m'kompyuta. Pa mayeso a MSCE, bungwe la MANEB limayesa maphunziro a Technical Drawing ndi Computer Studies, koma m'sukulu zambiri zoyendera za kumudzi kompyuta n'zochepa, mwinanso kulibiretu. Choncho makolofe tikagulitsa mpunga kapena mbuzi kuti mwana akaphunzire luso limeneli, tiyenera kudziwa ngati ndalamayo ikubala zipatso.

Vuto n'lakuti kompyuta imakongoletsa chilichonse. Mizere imatuluka yowongoka ngakhale wojambulayo sakumvetsa chimene akuchita, ndipo ntchito ya mnzake ingathe kusamukira pa fulashi m'kanthawi kochepa. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphunzitsi wodziwa ntchito sapereka malikisi chifukwa cha kukongola kwa chithunzi. Amafufuza zinthu zinayi.

Choyamba ndi miyeso. Tiyerekeze kuti wophunzira wauzidwa kujambula mpando wa kukhitchini wotalika mamilimita 450. Kodi ndi 450 ndithu? Kodi waganizira kunenepa kwa thabwa la pamwamba? Akaiwala, kalipentala adzadula miyendo yopitirira muyeso.

Chachiwiri ndi maonekedwe atatu: chinthucho chikaonedwa kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba. Atatuwa ayenera kugwirizana. Bowo looneka pamwamba lisasowe poyang'ana m'mbali.

Chachitatu ndicho chimaulula zambiri. Mphunzitsi aime pambali pa mwanayo n'kumuuza kuti, "Kweza mpandowu ufike pa 500." Amene anamanga pulani yake mwadongosolo amangosintha nambala imodzi, zina zonse n'kutsatira zokha. Amene anangolumikiza mizere mwachisawawa amaona miyendo italekana ndi thabwa. Wokopera ntchito ya wina amangoti kakasi, osadziwa poyambira.

Chachinayi ndi kufotokoza. Mwana anene ndi pakamwa pake chifukwa chimene waikira mtanda pakati pa miyendo, komanso matabwa angati amene afunike. Malikisi agawidwe pa zinayi zonsezi, ndipo ana auzidwiretu kagawidwe kake asanayambe ntchito.

Nafenso pakhomo tingathe kuyesa, ngakhale sitinagwirepo kompyuta. Timupatse mwana tepi ayeze chitseko cha khola la nkhuku kapena chivundikiro cha pachimbudzi, achijambule, kenako pepalalo tipite nalo kwa kalipentala wa pamsika. Mmisiriyo akatha kupanga chinthucho osafunsa funso, ndiye kuti mwana wadziwa. Akayamba kukanda m'mutu, pali zofunika kubwereza. Kumene kulibe kompyuta, pensulo, rula ndi pepala zimaphunzitsa nzeru yomweyo, ndipo wodziwa kuyeza papepala savutika akadzakhala pa kompyuta.

Tisaiwale thanzi lake. Ntchitoyi imatopetsa maso ndi msana. Pakatha mphindi 20 zilizonse, mwana ayang'ane kutali, ngati mamita 6, kwa masekondi 20. Azidzuka n'kudziwongola, ndipo ndi kutentha kwa kuchigwa kuno, botolo la madzi lisamusowe pafupi.

Satifiketi imatsegula khomo la sukulu ya ntchito zamanja yovomerezedwa ndi TEVETA kapena la MUBAS ku Blantyre. Koma wolemba ntchito adzafuna pulani imene mmisiri angaitsate osaononga thabwa. Mwana akadzabwera ndi chithunzi chokongola, timuyamikire, kenako timufunse kuti, "Nanga miyeso yake ili pati?"