Mabwalo aang'ono a ndege za nkhondo

Ana inu, kodi munaonapo ndege? Ikakhala m'mwamba imaoneka yaing'ono ngati mbalame. Mbalame imatera pamtengo. Nanga ndege imatera pati? Ndege imatera pabwalo la ndege.

Munthu wocokera ku Zóbuè akamapita ku Tete amadutsa ku Moatize. Akaoloka mtsinje wa Revúbuè amafika ku Chingodzi. Kumeneko kuli bwalo lalikulu la ndege. Lero anthu apaulendo amakwera ndege pabwalo limeneli kupita ku Maputo. Koma kale panali ndege za nkhondo.

Bwalo lalikulu ndi mabwalo aang'ono

Kale dziko lathu linkalamulidwa ndi Apwitikizi. Mu 1964 FRELIMO inayamba nkhondo yomenyera ufulu. Mu 1968 nkhondoyo inakula kuno ku Tete. Asilikali a Apwitikizi ankasunga ndege zao ku Chingodzi. Bwalo la ku Chingodzi analipatsa nambala 7.

Koma cigawo ca Tete ndi cacikulu. Cili ndi mapiri, mitsinje ndi nkhalango. Bwalo limodzi silikanakwana. Conco asilikali anakonza mabwalo ena aang'ono kutali ndi mzinda. Nchito yake inali kuthandiza bwalo lalikulu.

Taganizani za munda wakutali. Atate ndi amai ali ndi nyumba kumudzi. Cimanga cikayamba kuca, amamanga msasa kumunda. Mumsasa amasungamo madzi, ufa pang'ono ndi mphasa. Akatero sabwerera kumudzi tsiku lililonse. Bwalo la ku Chingodzi linali ngati nyumba. Mabwalo aang'ono anali ngati misasa.

Pa Cipwitikizi bwalo lotere ankalicha Aeródromo de Manobra. Atatu mwa mabwalowa ndi awa:

Nambala 71, ku Furancungo, kumapiri a kumpoto.
Nambala 72, ku Chicoa, kumadzulo, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi.
Nambala 73, ku Mutarara, kumunsi kwa Zambezi.

Taonani bwino manambalawa. Onse akuyamba ndi 7. Izi zinkaonetsa kuti mabwalo atatuwa anali a bwalo la nambala 7.

Pabwalo laling'ono pamakhala ciani?

Cinthu cacikulu ndi njira ya ndege. Ndi yaitali, yoongoka ndiponso yosalala. Pokonza njirayi anthu amadula mitengo, amazula zitsa, amacotsa miyala ndi zulu. Kenaka amatsendera dothi kuti lilimbe. Ndege imathamanga panjirayi isanauluke. Ikatera imathamanganso pang'ono, ndipo kenaka imaima.

Pambali pamakhala migolo ya mafuta. Pamakhala wailesi yolankhulira ndi woyendetsa ndege. Pamakhalanso thumba la nsalu lomangidwa pamwamba pa mtengo. Mphepo ikaomba, thumbalo limaloza kumene mphepo ikupita. Woyendetsa amaliyang'ana, cifukwa ndege imatera bwino ikayang'anana ndi mphepo.

Nchito ya mabwalo aang'ono

Coyamba, ndege zinkathira mafuta. Ndege yaing'ono ndi helikopita sizinyamula mafuta ambiri. Zikathira panjira zimatha kupita kutali.

Caciwiri, ndege zinkabweretsa cakudya, mankhwala ndi makalata kwa asilikali. M'miseu munali mabomba okwirira. M'nyengo ya dzinja munalinso matope. Galimoto inkacedwa, koma ndege inkafika msanga.

Cacitatu, ndege zinkanyamula asilikali ovulala kupita nao kucipatala.

Cacinai, ndege ikaonongeka ili m'mwamba, kapena ikakumana ndi mvula yamphamvu, inkatera pabwalo lapafupi.

Cacisanu, mabwalowa ankafikitsa nkhondo pafupi ndi midzi. Ndege zinkauluka kukafufuza kumene kunali ankhondo a FRELIMO. Zina zinkaponya mabomba. Mahelikopita ankatsitsa asilikali m'chire.

Anthu a kumidzi

Kwa anthu a kumidzi, kulira kwa ndege kunali koopsa. Amai ankabereka ana ndi kuthawira m'nkhalango. Pa 16 Disembala 1972 ndege zinaponya mabomba ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete. Mahelikopita anatsitsa asilikali. Anthu mazana anaphedwa, ana ndi amai omwe. Mu 2022 nduna yaikulu ya dziko la Portugal, António Costa, anapepesa cifukwa ca zimenezi.

Dziko la Moçambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo asilikali a Apwitikizi anabwerera kwao. Patapita nthawi yocepa kunabuka nkhondo ina, ya pakati pa ana a dziko limodzi. Mabanja ambiri anathawira ku Malawi, ena podzera ku Zóbuè. Nkhondoyo inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene atsogoleri anasaina pangano la mtendere ku Roma. Pambuyo pake anthu anabwerera kumidzi kwao.

Ndege ndi cipangizo, ngati nkhwangwa. Nkhwangwa imatema nkhuni, komanso ikhoza kupweteka munthu. Bwalo la ndege nalonso lili comweco. Pa nkhondo limatumiza mabomba. Pa mtendere limalandira alendo, odwala ndi mankhwala. Lero mukamva ndege ya ku Chingodzi, simuthawa. Mumatuluka panja ndi kuibaibitsa. Tiyeni tiusunge mtendere umenewu.

Cenjezo

Pamalo pamene panali asilikali pakhoza kutsala zipolopolo ndi zitsulo za nkhondo. Mukaona citsulo cacilendo m'chire kapena kumunda, musacigwire. Musaciponye mwala. Musaciike pamoto. Bwererani mmene munadzera, ndipo kauzeni munthu wamkulu.

Mau atsopano

Bwalo la ndege: malo amene ndege zimanyamukira ndi kutera.
Njira ya ndege: pamene ndege imathamanga isanauluke.
Helikopita: ndege yokhala ndi mapiko ozungulira pamwamba. Imatera ngakhale pamalo aang'ono.

Mafunso

1. Kodi bwalo lalikulu la ndege la ku Tete lili kuti?
2. Chulani malo atatu amene kunali mabwalo aang'ono.
3. N'cifukwa ciani manambala 71, 72 ndi 73 akuyamba ndi 7?
4. Mungatani mutaona citsulo cacilendo kumunda?

Nchito ya kunyumba

Makolo, werengerani ana nkhaniyi madzulo. Ana inu, funsani agogo kuti: "Agogo, kodi munaonapo ndege za nkhondo? Munali kuti nthawi imeneyo?" Mvetserani bwino. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi. Jambulaninso ndege ikutera pabwalo, ndipo musaiwale thumba la mphepo.