Muli chiyani m'kati mwa thewera lotaya ndi padi?

Masiku ano matewera otaya ndi mapadi akupezeka ngakhale m'timaokala ta kumudzi. Amayi ambiri amaganiza kuti zoyera za m'katimo ndi thonje, koma nthawi zambiri si thonje ayi. Mayi akadziwa mmene zinthuzi zimapangidwira, amadziwanso kusankha pogula, nthawi yosinthira ndiponso kotayira.

Mapadi ogulitsa anatchuka Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itatha. Pa nkhondoyo thonje linkasowa, choncho kampani ya Kimberly-Clark ya ku America inkapanga zomangira mabala kuchokera ku mitengo. Anamwino ataona kuti zimamwa magazi bwino, anayamba kuzigwiritsa ntchito akakhala kumwezi, ndipo nkhondo itatha kampaniyo inayamba kuzigulitsa pa dzina la Kotex. Matewera a Pampers anabwera pambuyo pake, mu 1961, kuchokera ku kampani ya Procter & Gamble.

Thewera lotaya ndi padi zimapangidwa mofanana, posanjikiza zigawo zitatu zikuluzikulu. Pamwamba, pokhudza khungu, pamakhala kansalu kopyapyala. Kansaluka sikolukidwa monga chitenje. Ndi ulusi wa pulasitiki wosungunula umene amauyala n'kuupsinja ndi moto kuti umatane. Ntchito yake ndi kulola madzi kudutsa msanga kuti pamwamba pakhale pouma.

Pakati ndiye pamene pali ntchito yeniyeni. Mitengo, makamaka ya paini, amaiduladula, kuiphika ndi mankhwala, kuiyeretsa n'kuiumitsa, ndipo imafika ku fakitale ili m'mipukutu ikuluikulu yooneka ngati katoni yoyera. Kumeneko makina okhala ndi nyundo zozungulira, ofanana ndi chigayo cha chimanga, amaipera mpaka isanduke yofewa ngati thonje. Kenaka amasakanizamo timibulu toyera tooneka ngati shuga, totchedwa sodium polyacrylate. Timibuluti tikakhudza madzi timatupa n'kusanduka phalaphala, ndipo sititulutsanso madziwo ngakhale mwana atakhalira. Timatha kumwa mkodzo wolemera pafupifupi maulendo 30 kuposa kulemera kwake. N'chifukwa chake thewera lopyapyala limasunga mkodzo wa usiku wonse. Mphepo yokoka imaunjika zosakanizazi m'zikombole zimene zili pa gudumu lozungulira, ndipo zimatuluka zitaumbidwa kale.

Pansi pamakhala pepala la pulasitiki loletsa kudontha. Zigawo zonsezi zimayenda pamodzi pa makina aatali, amene amazimata ndi guluu wotentha, kuika lasitiki wa m'miyendo ndi zomangira m'chiuno, kudula, kupinda ndi kulongedza. Pa padi, m'malo mwa zomangira amapaka guluu kunsi n'kuphimba ndi kapepala komatula. Makina akuluakulu amatulutsa matewera oposa 500 pa mphindi imodzi. Aliponso makina ang'onoang'ono: ku Coimbatore m'dziko la India, bambo wina dzina lake Arunachalam Muruganantham anapanga makina otsika mtengo amene magulu a amayi a m'midzi amapangira mapadi n'kumagulitsa.

Kapangidwe kameneka kakutiuza zinthu zingapo. Choyamba, kuuma kwa pamwamba kumanamiza. Mkodzo kapena magazi zimakhala zikadali m'katimo, ndipo pulasitiki imasunga kutentha ndi chinyezi, zimene tizilombo toyambitsa matenda timakonda. Padi isinthidwe pakatha maola 4 mpaka 6 ngakhale isanadzaze, ndipo thewera lichotsedwe mwana akangochita chimbudzi. Kusunga thewera tsiku lonse pofuna kupulumutsa ndalama kumatupitsa khungu la mwana ndi kulisupula, mapeto ake ndalama ija imathera ku mankhwala. Ngati ndalama zavuta, ndi bwino kumuveka mwana thewera lansalu masana, lotaya n'kusungira usiku kapena ulendo.

Chachiwiri, zinthuzi sizichapidwa. Timibulu tija tikamwa madzi tamwa basi. Amene akufuna zochapa asankhe mapadi osoka ndi nsalu, awachape ndi sopo ndi kuwayanika padzuwa mpaka aume bwinobwino. Pogula, onani kuti paketi ndi yosang'ambika, chifukwa zam'kati zimakoka chinyezi ndi fumbi. Matewera ogulitsa limodzilimodzi atayalidwa poyera pamsika amakhala atagwidwa ndi manja ambiri. Zonunkhiritsa zimayabwitsa anthu ena, choncho khungu likayamba kufiira sinthani mtundu.

Chachitatu ndi kotayira. Gawo lalikulu la thewera ndi pulasitiki, ndipo siliola kwa zaka zambirimbiri. Mukaliponya m'chimbudzi chamadzi limatupa n'kutseka mapaipi. M'chimbudzi chokumba limadzazitsa dzenje msanga. Likatayidwa kuseri kwa nyumba kapena mumtsinje, agalu ndi nkhumba zimalimwaza, ntchentche zimatenga zonyansazo kupita pa chakudya, ndipo mvula imazikokolera ku zitsime, njira imene kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba amafalira. Kuwotcha pafupi ndi nyumba kumatulutsa utsi woipa m'chifuwa.

Njira yabwino ndi iyi: khuthulirani chimbudzi cha mwana m'chimbudzi, pindani theweralo, limangeni ndi zomangira zake, ndipo likwirireni m'dzenje lakuya lotalikira ndi chitsime, kapena liikeni m'bini kumene zinyalala zimatoledwa. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo. Atsikana amene angotha msinkhu afunika kumva zimenezi kwa amayi awo asanaphunzire zolakwika kwa anzawo.