Msilikali wakale asadwalire m'nyumba

Lero tikambirane za akuluakulu athu amene anagwirapo mfuti. Ena analowa m'tchire nkhondo ya ufulu itafika kuno ku Tete mu 1968. Ena anamenya nkhondo ya zaka 16, imene inatha pa 4 Okutobala 1992. Pakati pawo palinso amayi. Lero akalamba, ndipo ambiri akudwalira m'nyumba.

Agogo anga aamuna anaduka mwendo ataponda bomba lokwirira. Chaka chatha panabuka bala pamene mwendo unadukirapo. Anabisa miyezi iwiri, akuti, "Ine ndinapirira zoposa izi." Tinazindikira ndi fungo. Akanapita msanga akanangotsukidwa n'kubwerera, koma anagonekedwa milungu itatu, ife tikusiya mbatata kumunda. Msilikali sakonda kudandaula. Choncho ntchito yomufikitsa kuchipatala ndi yanu, inu a pakhomo.

Dziwani kuti boma la Mozambique lili ndi lamulo la makombatente, nambala 16 la chaka cha 2011. Limakhudza a nkhondo zonse ziwiri, ndipo mwa zina limawapatsa ufulu wothandizidwa pa chithandizo ndi mankhwala m'zipatala za boma. Koma lamulo silidziwa munthu amene sanalembedwe. Ngati agogo alibe kartau ya kombatente, pitani nawo ku ofesi ya boma ku Furancungo kapena ku Tsangano, mutenge B.I. ndi mapepala onse a usilikali, ngakhale ong'ambika. Funsani amene amaona za makombatente. Mapepalawo muziwasunga m'pulasitiki limodzi ndi buku la kuchipatala.

Musadikire ngati muona izi:

Bala lakale latupa, likutentha kapena likutuluka mafinya.

Chifuwa chatha milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku ndipo akuonda. Mwina ndi TB, ndipo mankhwala ake ndi aulere.

Mutu ukuwawa kawirikawiri, kapena akumva chizungulire. Akayezetse kuthamanga kwa magazi. Pakamwa pakapotoka kapena mkono ukafooka mwadzidzidzi, nyamukani nthawi yomweyo.

Maso achita ng'ala. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaing'ono, munthu n'kuonanso.

Akulota nkhondo, akudzidzimuka usiku, akumwa kachasu kuti agone. Si ufiti, si misala. Ndi bala la mumtima, ndipo nalonso lili ndi chithandizo.

Nanga mtunda? Yambirani pafupi. APE wa m'mudzi mwanu ali ndi mankhwala ena, ndipo amalemba kalata yotumiza wodwala kuchipatala. Funsani amfumu tsiku limene anamwino oyendayenda abwera kudzapereka katemera. Tsiku limenelo si la ana okha, bwerani nawo agogo akaonedwe. Ngati matenda akufuna chipatala chachikulu, monga cha ku Ulónguè kapena cha ku Tete, pemphani gwiya ku chipatala chanu chaching'ono. Musanyamuke opanda gwiya, mungawononge ndalama yoyendera pachabe. Pagulu lanu la kumpingo kapena losungitsana ndalama, patulani kangachepe ka mafuta a njinga yamoto mvula isanawononge misewu.

Inu a m'malire, ambiri mumaolokera ku Ntcheu chifukwa n'kufupi. Kumbukirani kuti kartau ya kombatente imagwira ntchito kuno kwathu kokha. Ndipo mukalandira mankhwala mbali zonse ziwiri, onetsani anamwino mabuku onse ndi mapaketi onse. Mankhwala amodzimodzi amatha kukhala ndi mayina awiri, agogo n'kumwa kawiri.

Madzulo ano khalani nawo pansi. Afunseni mwaulemu kuti, "Agogo, kodi pakupweteka pati?" Akakana, funsaninso mawa.