Doko ndi manda a ku Mangochi zikusowa pepala

Pa boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Palibe angagumule njerwa yake osayankha mlandu, chifukwa lamulo la zipilala ndi zinthu zakale, la Monuments and Relics Act, limaiteteza. Ku Cape Maclear nako, manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875 ndi odziwika m'mabuku a boma.

Nanga manda a m'mudzi? Nanga doko limene asodzi akhala akukokerapo ngalawa ndi kuyanikapo usipa kuyambira nthawi ya Mponda ndi Makanjira? Nanga thengo limene Ayao amamangako ndagala ya jando? Malo ambiri otere malire ake ali m'mitu ya nkhalamba basi. Ndipo m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, kumene mipanda ya malo ogona alendo yatseka gombe m'malo ambiri, zaoneka kale kuti mwini pepala la lizi ndiye amamveka kukhothi kuposa wonena kuti "pano panagona agogo".

Apa ndiye pagona phindu la lamulo la malo a makolo, la Customary Land Act, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2018. Mafumu ambiri analidandaula, ati likuwalanda mphamvu, mpaka linakonzedwanso mu 2022. Dandaulolo linali lomveka: ufumu wopanda nthaka ndi chipewa chabe. Komabe lamuloli silinachotse mfumu pampando. Komiti yoona za malo imatsogozedwa ndi gulupu, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo atatu mwa iwo, kapena kuposa apo, ayenera kukhala amayi. Mkangano ukabuka umayambira ku bwalo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu ya deralo, kaya a Nankumba, a Chimwala, a Jalasi kapena a Chowe, usanapite ku bwalo la paboma. Chimene lamuloli likuletsa n'choti munthu mmodzi azigawa gombe kumbali, mudzi n'kudzangoona mpanda.

Za amayizi si zokongoletsera lamulo ayi. Kuno n'kwa chikamwini. Munda ndi wa mbumba, umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, malume akuyang'anira. Tsiku lolembetsa munda, mkamwini akapita yekha chifukwa choti ndiye wodziwa kulemba, n'kuika dzina lake, mwambo wa zaka mazana umatha ndi siginecha imodzi. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya odziwa malamulo kuno siili m'khothi. Ili pansi pa mtengo wa mango: kuwerengera anthu lamulo m'Chiyao, kuyenda m'malire ndi akuluakulu, kuonetsetsa kuti doko, manda ndi njira yokatunga madzi zalembedwa ngati za mudzi wonse wina asanazilembetse ngati zake.

Asodzi anatsogola kale. Chambo chitachepa kwambiri m'nyanja ya Malombe, boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko mu 1993, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linavomereza kuti anthu eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba. Ku Chembe, mudzi umene unapezeka uli mkati mwa Lake Malawi National Park pamene inkakhazikitsidwa mu 1980, anthu amadziwa bwino kuti ngakhale kutola nkhuni kumafuna chilolezo cholembedwa.

Chimene chikutsalira ndi mabwalo. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wa chikhalidwe ndi chilankhulo chake, ndipo gawo 110 limalola kuti pakhale makhothi a m'madera oweruza za mwambo. Lamulo la makhothi amenewa linadutsa mu 2011, koma makhothiwo sanatsegulidwe. Mayi wa ku Makanjira amene dimba lake lalandidwa, zikakanika kwa mfumu, ayenera kupeza ndalama ya ulendo wautali, ndipo nthawi zambiri amene walanda dimbayo ndiye ali ndi loya.