Ndani watchula ndani? Mmene timayezera ntchito za asayansi

Sabata yatha, titatsala pang'ono kumaliza phunziro la mafunde mu Fomu 4, mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, mu mpira timadziwa timu yomwe ili pamwamba poona mapointi. Nanga asayansi timawadziwa bwanji kuti uyu ndi katswiri, uyu ndi wongoyesa?" Anzake anaseka, koma ine ndinaona kuti mtsikanayu wafunsa za nzeru. Belu linalira ndisanayankhe, ndiye ndinamulonjeza kuti ndilemba.

Musalione funsoli ngati lamacheza. M'mayiko ambiri, manambala omwe ndifotokoze apa amathandiza kusankha yemwe akwezedwe pa ntchito ku yunivesite ndi yemwe apatsidwe ndalama za kafukufuku. Komanso inu nomwe, mukalandira uthenga pa WhatsApp wonena kuti "asayansi apeza zakutizakuti", muyenera kukhala ndi njira yofufuzira ngati asayansi anzawo akugwirizana nazo.

Kutchulidwa n'kutani?

Wasayansi akamaliza kafukufuku amalemba pepala lofotokoza zomwe wachita ndi zomwe wapeza, n'kulitumiza ku magazini ya sayansi. Kumapeto kwa pepalalo amaika mndandanda wa mapepala a anthu ena omwe wagwiritsa ntchito. Pepala lanu likapezeka pa mndandanda wa munthu wina, ndiye kuti mwapeza citation imodzi. Ine pano ndizingoti pepala "latchulidwa".

Vuto ndi lakuti mndandanda wotere umaloza m'mbuyo mokha. Mukatenga pepala la 1950 mutha kuona omwe mlembi wake anawerenga, koma simungaone omwe anadzaliwerenga iye atalemba. Munthu yemwe anatembenuza zimenezi ndi Eugene Garfield wa ku America. Mu 1955 analemba m'magazini ya Science kuti pakhale kaundula woonetsa, pa pepala lililonse, mapepala onse omwe alitchula. Nzeruyi anaitengera kwa maloya a ku America, omwe anali kale ndi mabuku otchedwa Shepard's Citations, oonetsa milandu yomwe inatchula chigamulo china chakale. Mu 1964 kampani yake ya ku Philadelphia inayamba kutulutsa Science Citation Index, mabuku ochindikala a zilembo zing'onozing'ono. Lero ntchitoyi ikuchitidwa ndi makompyuta kudzera mu Web of Science, Scopus ndi Google Scholar. Yomalizayi inayamba mu 2004, ndipo ndi yaulere. Aliyense wokhala ndi intaneti pa foni atha kuitsegula.

Njira yoyamba: kungowonkhetsa

Njira yosavuta ndi kuwerenga kuti pepala latchulidwa kangati, basi. Koma taonani izi. Mu 2014 magazini ya Nature inatulutsa mndandanda wa mapepala 100 otchulidwa kwambiri. Pamwamba penipeni sipanali Einstein. Panali pepala la 1951 la Oliver Lowry ndi anzake, lofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa puloteni mu labotale, lomwe linali litatchulidwa koposa ka 300,000. Pepala la 1953 la Watson ndi Crick lonena za kapangidwe ka DNA silinalowe n'komwe mu 100 amenewo.

Chifukwa chiyani? Njira yoyezera ili ngati sikelo ya pamsika: aliyense woigwiritsa ntchito amayenera kunena kuti wayezera pa sikelo iti. Pomwe mfundo yaikulu ikavomerezedwa ndi onse imalowa m'mabuku a sukulu, ndipo anthu amasiya kutchula gwero lake. Inu mukamalemba F = ma pa mayeso, mumatchula buku la Newton la 1687? Ayi. Asayansi nawonso satero.

Njira yachiwiri: h-index

Mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi pa University of California ku San Diego, anapanga nambala imodzi yoyeza zinthu ziwiri pamodzi: kuchuluka kwa mapepala ndi kutchulidwa kwake. Tengani pensulo tiyese.

Tiyerekeze kuti wofufuza A ali ndi mapepala 8. Tiwandandalike kuyambira lotchulidwa kwambiri: 40, 18, 9, 6, 5, 3, 1, 0. Tsopano tsikani pamzerewo mukufunsa. Pepala loyamba latchulidwa kamodzi kapena kuposa? Inde. Lachiwiri, kawiri kapena kuposa? Inde. Pitirizani choncho mpaka lachisanu, lomwe latchulidwa ka 5 ndendende, likukwanabe. Lachisanu ndi chimodzi latchulidwa ka 3 kokha, pomwe pafunika 6. Imani pomwepo. h-index ya wofufuza A ndi 5, kutanthauza kuti ali ndi mapepala 5 omwe lililonse latchulidwa kosachepera ka 5.

Tsopano wofufuza B ali ndi mapepala atatu okha: 900, 2, 1. h-index yake ndi 2. Mwaona pomwe pali nkhani? Pepala lake limodzi latchulidwa kuposa mapepala onse a A kuwaphatikiza, koma nambala ikumuika pansi. h-index singapose chiwerengero cha mapepala omwe munthu walemba, choncho imakondera omwe akhalitsa pa ntchito ndi olemba pafupipafupi. Peter Higgs analemba mapepala ochepa kwambiri m'moyo wake. Koma zomwe analosera mu 1964 zinadzatsimikizidwa ku CERN mu 2012, ndipo mu 2013 analandira mphoto ya Nobel.

Kujambula mapu a asayansi

Gawo lomwe limandisangalatsa ine ndi ili. M'malo mowerenga chabe, tingajambule. Pepala lililonse kapena mlembi aliyense akhale kadontho, ndipo pakati pa timadontho tiwiri togwirizana tijambule mzere. Chotuluka chimaoneka ngati ukonde. Derek de Solla Price, yemwe anaphunzira fizikisi asanatembenukire ku mbiri ya sayansi, anafotokoza ukonde wotere mu 1965. Anaona kuti mapepala ochepa amatchulidwa kwambiri zedi, pomwe ambiri amatchulidwa mwa apo ndi apo kapena satchulidwa konse.

Pali njira zingapo zolumikizira timadonthoti. Yoyamba ndi kulemba limodzi: anthu awiri akalemba pepala limodzi, tijambule mzere. Apa pali nkhani ya Paul Erdős wa ku Hungary, katswiri wa masamu yemwe anamwalira mu 1996. Ankangoyendayenda ndi sutikesi, kugona kwa anzake n'kumachita nawo masamu. Analemba mapepala pafupifupi 1,500 ndi anthu oposa 500. Yemwe analemba naye mwachindunji amati ali ndi nambala ya Erdős 1. Yemwe analemba ndi mmodzi wa amenewo ali ndi 2, choncho mpaka kutsogolo. Einstein ali ndi 2, kudzera mwa Ernst Straus yemwe anagwirapo ntchito ndi onse awiri.

Njira yachiwiri inafotokozedwa ndi M. M. Kessler mu 1963, ndipo imatchedwa bibliographic coupling. Mapepala awiri akatchula mabuku ndi mapepala ofanana, n'kutheka kuti akukamba nkhani imodzi. Zili ngati ophunzira awiri osadziwana omwe abwereka mabuku ofanana ku laibulale: woyang'anira laibulale atha kuganiza kuti akukonzekera mayeso amodzi.

Yachitatu ndi co-citation, yomwe Henry Small ku America ndi Irina Marshakova ku Soviet Union anaifotokoza mu 1973, aliyense payekha. Apa timaona mapepala awiri omwe anthu ena amakonda kuwatchula pamodzi. Mukakhala pamsika tsiku lonse n'kuona kuti ogula matimati ambiri akugulanso anyezi, mudziwa kuti ziwirizi zimakumana mumphika, ngakhale simunalowe kukhitchini ya munthu aliyense. Kusiyana kwake ndi uku: mndandanda wa pepala susintha likasindikizidwa, choncho mzere wa Kessler umakhala momwemo, koma mzere wa co-citation umakula kapena kufooka malinga ndi zomwe olemba atsopano akuchita.

Kompyuta ikajambula mizere yotere pa mapepala masauzande, magulu amaoneka okha: apa ofufuza za malungo, apo a mphamvu ya dzuwa, ndipo pakati pali anthu ochepa olumikiza magulu awiri. Nzeru yomweyi ndiyo Larry Page ndi Sergey Brin anagwiritsa ntchito ku Stanford poyambitsa Google mu 1998. Anatenga linki yopita ku tsamba ngati kutchulidwa, n'kuwonjezera kuti kutchulidwa ndi tsamba lofunika kuzilemera kuposa kutchulidwa ndi tsamba wamba.

Pomwe manambala amanama

Choyamba, kutchulidwa si kuyamikiridwa. Mu 2011 gulu la OPERA linalengeza kuti tinthu totchedwa neutrino tayenda makilomita pafupifupi 730 kuchokera ku CERN kupita ku Gran Sasso ku Italy mofulumira kuposa kuwala. Mapepala ambirimbiri analembedwa otchula zimenezi, ena kuyesa kufotokoza, ena kutsutsa. Mu 2012 zinadziwika kuti chingwe china cha fibre sichinamangidwe bwino. Kompyuta yowerenga siisiyanitsa wotsutsa ndi wovomereza. Onse imawawerenga chimodzimodzi.

Chachiwiri, manambala amatheka kubera. Mu 2010 Cyril Labbé wa ku France anapanga wasayansi wabodza dzina lake Ike Antkare, n'kumulembera ndi kompyuta mapepala opanda tanthauzo oposa 100, onse otchulana okhaokha. Pa Google Scholar munthu wosakhalakoyu anafika pa h-index ya 94.

Chachitatu, ulemu tiugawe bwanji? Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo mu fizikisi ya masiku ano ndi zoonadi. Pepala la 2015 la magulu a ATLAS ndi CMS, lonena za kulemera kwa Higgs boson, lili ndi olemba 5,154. Ena powerenga amapatsa aliyense pepala lathunthu, ena amagawa, aliyense n'kupeza 1/5,154. Zotsatira zake zimasiyana kutalitali.

Chachinayi ndi mayina. Taganizani kuti ndi anthu angati kuno kwathu omwe angasaine "A. Banda" kapena "M. Phiri". Kompyuta itha kuphatikiza anthu asanu kukhala mmodzi, kapena kugawa munthu mmodzi pawiri chifukwa anasintha dzina atakwatiwa. N'chifukwa chake kuyambira 2012 pali ORCID, nambala ya manambala 16 yomwe wofufuza amakhala nayo moyo wake wonse.

Chomaliza, kaundula amawerenga zokhazo zomwe zili mkati mwake. Magazini ambiri a mu Africa sali mu Web of Science kapena Scopus. Kafukufuku wothandiza alimi a boma limodzi atha kusintha zokolola m'midzi, koma osatchulidwa kawirikawiri ku London kapena ku Boston.

Ndiye tiziyankha bwanji?

Kwa wophunzira wanga uja, yankho ndi lakuti tebulo la ligi ya asayansi lilipo, koma limangoonetsa kuti ntchito yagwiritsidwa ntchito kangati. Kuti ntchitoyo ndi yoona kapena ayi, muyenera kuwerenga. Mukamva za kafukufuku wodabwitsa, lembani mutu wake pa Google Scholar, dinani pomwe palembedwa "Cited by", muone atatu kapena anayi mwa omwe alitchula. Kodi abwereza kuyesako n'kupeza zomwezo? Kapena akutsutsa?

Nayi ntchito ya kunyumba. Pezani h-index ya wofufuza yemwe mapepala ake atchulidwa motere: 4, 12, 2, 7, 10, 4. Musaiwale kuyamba mwawandandalika. Kenako jambulani kadontho pa aliyense wa m'kalasi mwanu, ndi mzere pakati pa awiri omwe anachitirapo limodzi pulakitiko mu labotale temu ino. Onani kuti ndani ali ndi mizere yambiri, komanso ndani yemwe mutamuchotsa, kalasi ingagawike magulu awiri. N'kutheka kuti si munthu mmodzi. Mayankho tikambirana sabata yamawa.