Difu Ikayamba Kulira

M'boma la Chiradzulu muli magalimoto aang'ono a katundu amene zaka zawo zimaposa za madalaivala ena owayendetsa. Omvera a ku Mbulumbuzi, ku Namadzi, ku Thumbwe ndi ku Namitambo amawadziwa bwino, pakuti ndiwo amanyamula matimati, kabichi ndi nandolo kupita nazo ku Limbe, ndipo pobwerera amasenza feteleza, malata ndi simenti. Pakati pawo pali Toyota Hilux yakale, mtundu umene udayamba kupangidwa ku Japan m'chaka cha 1968. Pali Datsun 1200 ya m'chaka cha 1971, imene idapitiriza kupangidwa ku South Africa, pambuyo pake ndi dzina la Nissan 1400, kufikira 2008. Ndipo mwa apo ndi apo pamaoneka Peugeot 404, imene ku Kenya adaleka kuipanga mu 1991. Injini za magalimoto amenewa zimapirira kwambiri. Chimene chimavutika pa msewu wa fumbi, pansi pa katundu wopyola muyeso, ndi ekiselo ya kumbuyo.

Mphamvu ya injini imadutsa m'giyabokosi, nkutsata chitsulo chachitali chozungulira pansi pa galimoto chimene amakaniko amachitcha pulopela, kufikira pa chinthu chotupa ngati dzungu chimene chili pakati pa matayala a kumbuyo. Chimenecho ndicho difu. M'kati mwake giya yaing'ono yotchedwa pinyoni imatembenuza giya yaikulu yotchedwa kilauni. Ngati pinyoni ili ndi mano 10 ndipo kilauni ili ndi mano 41, pulopela imazungulira kanayi ndi pang'ono kuti tayala lizungulire kamodzi. Pakati pa kilauni pali timagiya tina timene timalola tayala la kunja kuthamanga kuposa la m'kati galimoto ikamakhota. Kuchokera pamenepo mphamvu imapita ku matayala kudzera m'zitsulo ziwiri zotchedwa mahafu shafuti, imodzi kumanja, ina kumanzere. Pa Hilux ndi pa Datsun hafu shafuti ili ndi ntchito ziwiri: imatembenuza tayala, ndiponso imasenza kulemera kwa galimoto pa bering'i imodzi yokha imene ili kumapeto kwake. Thumba lililonse loonjezera limagwera pa bering'i imeneyi.

Ekiselo siifa mwadzidzidzi kawirikawiri, imayamba yadandaula. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma madalaivala ambiri akamva phokoso kumbuyo amangokweza wailesi. Makaniko wodziwa ntchito asanagwire sipanala amayamba wayenda nayo galimotoyo ndi kutchera khutu, ndipo msewu wa tala wa pakati pa Njuli ndi Namadzi ndi woyenera ntchito imeneyi, chifukwa pa msewu wa miyala maphokoso onse amasakanikirana.

Choyamba amafuna kudziwa ngati kulirako kumasintha ndi phazi la dalaivala. Kulira kosalekeza kwa mawu okwera, kumene kumamveka akaponda mafuta nkuleka akachotsa phazi, kapena kumene kumabwera pokhapokha akachotsa phazi potsetsereka, kumachokera pa mano a kilauni ndi pinyoni, kapena pa mabering'i a pinyoni amene akhwefuka. Koma phokoso longa la mtondo wa chigayo, limene limakula ndi liwiro la galimoto osasamala za phazi, kawirikawiri ndi la bering'i ya tayala. Pofuna kudziwa mbali yake, dalaivala amakhotetsa galimoto pang'ono uku ndi uku pamalo popanda anthu. Akakhotera kumanzere kulemera kumagwera kumanja, ndipo phokoso likakula pamenepo, bering'i ya kumanja ndiyo yatha. Kugogoda kumene kumamveka pokhota pokha kumaloza ku timagiya ta pakati tija. Kugunda kamodzi kwakuti gu! ponyamuka kapena posintha giya kumasonyeza kuti pena pake pali mpata wopitirira. Pamenepa makaniko ayambe waona mfundo za pulopela, pakuti nzotsika mtengo ndiponso zimatha msanga kuposa difu. Phokoso limene limasintha galimoto ikachoka pa tala kulowa pa dothi ndi la matayala, ndipo si nzeru kumasula difu chifukwa cha ilo.

Akatha kumvetsera, amatsegula bauti yothirira oyilo ndi kulowetsa chala. Oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo galimoto itaima pamalo osalazika. Oyilo wonyezimira ngati muli mchenga wa siliva ndi umboni wakuti zitsulo zikudyana. Oyilo woyera ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwalowa madzi, ndipo limeneli ndi vuto la nyengo ya dzinja kwa onse amene amaoloka madzi m'madambo a Mombezi kapena a ku Milepa. Ekiselo yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwake umachepa mphamvu, ndipo madzi amakokedwa kudzera m'masilo ndi pa kabowo kopumira kamene kali pamwamba pake. Oyilo wotere achotsedwe msanga, asagonemo sabata. Kabowo komweko kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umasowa potulukira ndipo umakankha oyilo kudzera m'silo kulowa m'mabuleki. Tayala lonyowa ndi oyilo mbali ya m'kati si nkhani yakuti aione mawa, pakuti galimoto yodzaza yotsetsereka m'mbali mwa phiri la Chiradzulu ndi mabuleki oterera siimitsika. Ambiri amasintha silo kawiri katatu osadziwa kuti mlandu uli pa kabowo kamene akadakatsuka ndi palafini.

Oyilo woyenera ndi wa magiya wa SAE 90 kapena 80W-90, wolembedwa GL-5, chifukwa mano a kilauni ndi pinyoni amakhuzana motsetsereka ndi mphamvu yaikulu, ndipo oyilo wa injini sangathe kuwateteza. Eni ake a Peugeot zakale afunse kaye: Peugeot 403 ndi 404 ya saluni zinali ndi difu ya mtundu wina yokhala ndi giya ya mkuwa, ndipo oyilo wina wa magiya amadya mkuwa.

Hafu shafuti imathyoka makamaka m'matope. Tayala limodzi likamazungulira pachabe, dalaivala naponda mafuta mwamphamvu, kenaka tayalalo nkugwira mwala mwadzidzidzi, mphamvu yonse imagwera pa mano a kumapeto kwa shafuti ndipo chitsulo chimapotoka kapena kuduka. Zikatero injini imalira, pulopela imazungulira, koma galimoto siisuntha. Land Rover yakale ili ndi mwayi pamenepa, chifukwa shafuti yake siisenza kulemera. Dalaivala akhoza kulowetsa giya ya matayala onse anayi ndi kukafika pang'onopang'ono ndi mphamvu ya matayala a kutsogolo. Pa Hilux kapena Datsun katundu atsitsidwe ndipo galimoto isakokedwe mtunda wautali, chifukwa tayala likhoza kuchoka. Pokonza, chidutswa chotsalira m'difu chichotsedwe, zinyenyeswa zonse zitsukidwe, ndipo shafuti ya mbali inayo isololedwe ndi kuyang'anidwa: mano ake akakhala opotoka, nayonso ili pafupi kuduka. Shafuti yowotcherera siyenera kubwerera pa galimoto yonyamula anthu, ngakhale wowotchererayo akhale waluso chotani.

Kusintha bering'i ya tayala kumafuna makina opanikizira. Bering'i imagwidwa pa shafuti ndi mphete yachitsulo yothina, ndipo mpheteyo imaikidwa yatsopano nthawi iliyonse. Yakale ikabwezeredwa, kapena ikatenthedwa kwambiri ndi moto wa gasi, imataya kuthina kwake, ndipo tsiku lina shafuti imasololoka pamodzi ndi tayala ndi dilamu ya mabuleki galimoto ili pa liwiro.

Ntchito yovuta koposa ndi ya kilauni ndi pinyoni. Ziwirizi zimanoledwa pamodzi ku fakitale, choncho zimagulidwa pamodzi. Kutenga kilauni ya galimoto ina ndi pinyoni ya ina ndi kutaya ndalama. Mpata wa pakati pa mano awo pa Hilux uyenera kukhala pakati pa mamilimita 0.13 ndi 0.18, kuchindikala kwa pepala limodzi kapena awiri a m'kope, ndipo umayesedwa ndi geji. Kenaka makaniko amapaka utoto wabuluu pa mano angapo nkuzunguza: chidindo chikhale pakati pa dzino. Nati ya pinyoni nayo ili ndi muyeso wake. Ikathina kwambiri mabering'i amapsa, ikakhwefuka difu imalira. Galaja yopanda geji ingachite bwino kugula difu yathunthu yogwirapo kale ntchito kwa ogulitsa zitsulo ku Limbe kapena ku Ndirande, popeza pa Hilux ndi pa Datsun difu imatuluka yonse kutsogolo kwa ekiselo mashafuti ndi pulopela zikachotsedwa. Wogula awerenge mano a magiya onse awiri ndi a m'mabowo a mashafuti. Pa galimoto yoyenda ndi matayala onse anayi, difu ya kumbuyo ikasiyana mano ndi ya kutsogolo, china chake chithyoka.

Galimoto yoyenda chammbali ngati nkhanu nthawi zambiri ilibe vuto m'difu. Bauti ya pakati pa masipuling'i yaduka kapena ma U-bolt akhwefuka, ndipo ekiselo yasuntha mbali imodzi. Matayala awiri a kumbuyo akhale ofanana kukula, chifukwa akasiyana timagiya ta pakati timagwira ntchito ulendo wonse ngati galimoto ikukhota. Wolowa pansi pa galimoto asadalire jeke yokha kapena njerwa, zimene zimaphwanyika; aike zitsa zolimba ndi kutchinga matayala a kutsogolo. Ntchito ikatha, galimoto iyende makilomita 10 kapena 15 yopanda katundu, ndipo makaniko akhudze difu ndi malo a mabering'i ndi dzanja. Pamene pakutentha mwakuti dzanja silingakhalepo ngakhale kamphindi, pamasulidwenso katundu asanakwere.